KUYENDETSA GALIMOTO YOSENZA KANYUMBA

Ku America kuli anthu ambiri amene poyenda ulendo wautali amasenzetsa galimoto yao kanyumba kogonamo. Eni ake amakatcha truck camper. Amakakweza kumbuyo kwa lole yaing'ono, pamalo paja poika katundu, ndipo m'kati mwake mumakhala bedi, chitofu chophikira ndi thanki ya madzi. M'chaka cha 1960 mlembi wina wotchuka, John Steinbeck, anazungulira dziko la America m'galimoto yotere ali ndi galu wake, ulendo wa makilomita ngati 16,000. Alendo ena odzaona nyanja yathu amafikanso ndi magalimoto a mtundu umenewu.

Kanyumba kopepuka kamalemera makilogalamu ngati 500, koma tina tatikulu timafika 2,000. Ndiponso nkatali kupita m'mwamba, kotero kuti galimoto yonse imafika mamita 3 kapena kuposa. Aliyense amene anakwerapo njinga atasanja matumba a makala adziwa kuti katundu wam'mwamba amakoka mwini wake pokhota. Galimoto nayonso ili chimodzimodzi.

Asananyamuke

Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingathe kunyamula, ndipo ku America opanga ake amalemba malirewo pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa. Powerengera, munthu asaiwale anthu okwera, zakudya ndi madzi. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, tsono thanki ya malita 100 ili ngati matumba awiri a chimanga.

Zolemera ziikidwe pansi, ndiponso patsogolo pa matayala a m'mbuyo. Zikakhala kumchira, matayala a kutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero sichimvera bwino. Kanyumbako amakamanga pa ngodya zinai. Woyendetsa wanzeru amayenda pang'ono, naima, nayang'ananso zomangirazo, pakuti zimakhwefuka ndi mabampu. Mpweya wa m'matayala auyese m'mawa matayala asanatenthe, ndipo atseke botolo la gasi wophikira.

Pa mseu

Galimoto yolemera siima msanga. Ndipo dziwani ichi: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanai. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Nchifukwa chake woyendetsa asiye mpata waukulu pakati pa iye ndi mnzake ali patsogolo.

Liwiro lichepetsedwe musanafike pokhota, osati muli kale m'kati mwake. Kukhota mwadzidzidzi, monga pozemba mbuzi kapena dzenje, ndiko kumagubuduza galimoto zazitali. Tayala likaterereka kunja kwa phula, musakoke chiwongolero ndi mphamvu. Chotsani phazi pa mafuta, liwiro lichepe, ndipo mubwerere pa mseu pang'onopang'ono.

Mphepo nayo ndi mdani, pakuti khoma la kanyumba limaikola monga thanga la bwato. Podutsana ndi basi kapena lole yaikulu, kapena powoloka mlatho, gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri. Mphepo ikakula kwambiri, imani pamalo abwino mpaka itachepa.

Pa mtsetse

Ngozi zina zoopsa kwambiri zimachitika potsika phiri. Munthu akaponda mabuleki kosalekeza amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira. Tsono lowetsani giya yaing'ono mudakali pamwamba, kuti injini ithandize kugwira galimoto. Mabuleki muziwaponda ndithu kwa kanthawi ndi kuwalekanso kuti azizire. Kutsika mutachotsa giya, poti mupulumutse mafuta, ndiko kusewera ndi imfa.

Woyendetsa adziwenso kutalika kwa galimoto yake, ngakhale kulemba pa kapepala ndi kumata pafupi ndi chiwongolero, kuti angagunde nthambi, mawaya kapena denga. Pobwerera m'mbuyo, mnzake atsike kukamuonera njira, chifukwa kanyumbako kamatseka maso. Ndipo pa ulendo anthu akhale kutsogolo atamanga malamba, osati m'kanyumba.

Mwina ena afunsa, kodi izi zitikhudza bwanji ife amene tilibe tinyumba totere? Malangizo awa ndi omwewo kwa lole yosenza mabelo a fodya kapena matumba a chimanga, makamaka potsika ku Chiweta kapena pa mseu wotsikira ku Chikwawa. Inu amene mumalipira galimoto kuti itute mbeu zanu, musaumirize woyendetsa kuonjeza matumba pamwamba, ndipo ana asakhale pa katundu. Ndi bwino kulipira maulendo awiri koposa kutaya zokolola za chaka chonse pamodzi ndi moyo wa munthu. Tipempha aphunzitsi ndi mafumu kuti afotokozere anthu ao zimenezi, pakuti akulu anati kuthamanga si kufika.