Bambo wa mfumu yomaliza ya China adasankha kubwerera kwawo

Filimu ya The Last Emperor ndidaionera pafoni, pakati pa usiku, ndikuthamangitsana ndi bandulo. Ndi yakale ndithu, ya 1987, ndipo idapata mphoto 9 za Oscar. Amene adaionera amakumbukira kamwana kaja, Puyi, kakuyendayenda pabwalo la nyumba yachifumu ku Beijing, akuluakulu miyandamiyanda atakagwadira. Ine maso anga adakodwa pena. Bambo ake a mwanayu amangooneka pang'ono chabe, kenako zii. Ndiye ndidadzifunsa: munthu wotani amene amapereka mwana wake wosakwana zaka 3 kuti akakhale mfumu ya dziko lalikulu chonchija? Ndipo zitagwa, iyeyo adalowera kuti?

Dzina lake linali Zaifeng, kalonga wa nyumba ya Chun, wa fuko la Aisin Gioro. Awa anali a mtundu wa Manchu, ochokera kumpoto chakum'mawa kwa China, amene adalowa mu Beijing mu 1644 n'kulamulira dziko lonselo mu ufumu wa Qing, ngakhale anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mtundu wa Han. Zaifeng adabadwa pa 12 Febuluwale 1883. Tsikuli mulisunge.

Kuti timumvetse, tiyambire kwa bambo ake, Yixuan. Mu 1875 mfumu Tongzhi idamwalira yopanda mwana. Mayi ake a mfumuyo, mfumukazi Cixi, amene kwa zaka 47 ndiye anali mwini mphamvu weniweni ku China, adaloza mwana wa Yixuan wa zaka 3 kuti ndiye alowe ufumu. Mwanayo ndi amene adadzatchedwa mfumu Guangxu. Akuti Yixuan atamva nkhaniyi adalira mpaka kukomoka. Inu mungaganize kuti chidali chimwemwe. Ayi. Mwamwambo, mwana akalowa pampando uja sakhalanso wako, amawerengedwa kuti ndi mwana wa mfumu ina, ndipo iwe womubala umasanduka mmodzi wa anthu ake. Komanso Yixuan ankamudziwa bwino mlamu wakeyo. Moyo wake wonse wotsala adaukhala mwamantha, akuyenda mosamala kuti Cixi asamuganizire kuti akulakalaka mphamvu. Guangxu atakula n'kuyesa kusintha kayendetsedwe ka boma mu 1898, Cixi adamutsekera pakachilumba ka m'munda wachifumu, ndipo sadalamulirenso.

Zaifeng adakulira m'nyumba yoteroyo, yodziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anali munthu wofatsa, wamanyazi, wachibwibwi akapanikizika.

Dziko lidamudziwa ali ndi zaka 18. Pa zipolowe za gulu la Boxer mu 1900, kazembe wa Germany, Clemens von Ketteler, adaphedwa mumsewu ku Beijing. Maiko akunja atagonjetsa China adalamula kuti kalonga weniweni apite ku Germany kukapepesa. Mtolowo udagwera Zaifeng mu 1901. A ku Germany ankafuna kuti anthu amene adatsagana naye akagwade n'kugunditsa zipumi pansi pamaso pa Kaiser Wilhelm II. Mnyamatayo adaima ku Basel, m'dziko la Switzerland, osapitirira ulendo mpaka lamulolo lidachotsedwa. Adakapepesa, inde, koma atayimirira. Pobwerera adalandiridwa ngati chiyembekezo cha ufumu umene unkaoneka kuti ukuola.

Cixi sankagona. Ataona kuti mnyamatayu watchuka, adamumangirira kwa iye kudzera muukwati. Adathetsa chitomero chimene Zaifeng anali nacho kale, n'kumukwatitsa Youlan, mwana wa Ronglu, nduna imene mfumukaziyo inkaidalira kwambiri. Ukwati udachitika mu 1902. Puyi adabadwa mu 1906, mng'ono wake Pujie mu 1907.

Kenako zimene zidachitikira bambo zidabwereranso kwa mwana, m'nyumba yomweyo. Pa 13 Novembala 1908, Guangxu ali kayakaya, Cixi adalamula kuti Puyi atengedwe kupita kunyumba yachifumu. Agogo ake aakazi atamva adakomoka. Mwanayo adalira, kumenya adindo ofulidwa amene adabwera kudzamunyamula, ndipo adatonthola pokhapo mayi womuyamwitsa, a Wang, atamuika kubere. Mayiyo ndi amene adapita naye. Mayi ake omubala adatsala, ndipo padapita zaka pafupifupi 7 asanamuonenso. Tsiku lotsatira Guangxu adamwalira, mawa lakenso Cixi naye adatsatira. Mu 2008 akatswiri atapima tsitsi ndi mafupa a Guangxu adapezamo poizoni wa arsenic wochuluka zedi. Apa mudziwerengere nokha.

Basi, ali ndi zaka 25, Zaifeng adapezeka kuti ndiye wogwirizira mpando wa mwana wake, wolamulira China yense.

Pa 2 Disembala, tsiku lolonga ufumu, kunkazizira koopsa. Puyi adalira pampando kuti akufuna kwawo. Bambo ake, atagwada pambali akumugwirira kuti asatsike, adayesa kumunyengerera kuti apirire, zitha posachedwa. Puyi yemwe adadzalemba m'buku la moyo wake kuti nduna zitamva mawuwo zidanong'onezana kuti awa ndi malodza. Ine ndimaona bambo wamba pamenepa, amene akungofuna mwana atonthole pagulu. Tsoka lake, pamalo amene adagwadapo panalibe mawu wamba.

Tisanamizane, ulamuliro wake udali wolephera. Sindikufuna kumupaka mafuta. Ku Germany adaphunzirako chinthu chimodzi n'kuchigwira molakwika: kuti banja lachifumu lizigwira lokha asilikali. Ndiye adapereka gulu lankhondo la pamadzi kwa mng'ono wake Zaixun, likulu la asilikali kwa mng'ono wake wina Zaitao, anyamata a zaka za m'ma 20 osadziwa nkhondo. Mu Januwale 1909 adachotsa ntchito Yuan Shikai, amene adamanga gulu lankhondo lamphamvu kuposa onse m'dzikomo. Banja la Chun linkakhulupirira kuti Yuan ndiye adapereka Guangxu mu 1898. Chifukwa chimene chidalengezedwa? Eti bamboyo akudwala mwendo, akapume kumudzi. Kumupha adaopa, kumusunga adakana, ndiye adangopanga mdani wamoyo amene akuluakulu a asilikali ankamumverabe.

Mu 1910 nthumwi za m'zigawo zidabwera katatu kudzapempha nyumba ya malamulo mwamsanga. Iye adangofupikitsa nthawi yodikira kuti ikhale 1913. Mu Meyi 1911 adalengeza nduna za boma 13, ndipo a mtundu wa Han, eni unyinji wa dziko, analimo 4 okha. Ambiri mwa otsalawo anali achibale a mfumu. Ngakhale amene ankafuna kuti ufumu upitirire adataya mtima. Mwezi womwewo boma lidalanda njanji zimene anthu a m'zigawo adasonkhera ndalama zawo, kuti likongole ndalama kumabanki akunja. Ku Sichuan kudabuka moto. Asilikali atatumizidwa kumeneko kuchokera ku Hubei, anzawo otsala ku Wuchang adaukira pa 10 Okutobala 1911, ndipo zigawo zidayamba kudzipatula chimodzichimodzi. Zaifeng adachita kukapempha Yuan Shikai yemwe uja kuti abwerere. Yuan adayamba wayankha kuti mwendo uja sunapole. Koma abale!

Pa 6 Disembala 1911 Zaifeng adatula pansi udindo. Pa 12 Febuluwale 1912 ufumu udatha. Lidali tsiku limene iye ankakwanitsa zaka 29.

Apa mpamene munthuyu adayamba kundikopa. Ana ake adadzasimba kuti tsiku limene adasiya udindo adafika kunyumba nkhope ili gwa, n'kuuza mkazi wake kuti tsopano apeza mpata wonyamula ana. Youlan, mwana wa nduna yamphamvu uja, adalira ndi ukali. Kwa iye uku kudali kupusa. Ndipo ndikumumvetsa: mwamuna wako wagwetsa ufumu wa zaka zoposa 260, akubwera akukamba zolera ana? Koma Zaifeng adachitadi zimene adanenazo, kwa zaka 39. Adameta tsitsi lalitali loluka lija limene linali chizindikiro cha ulamuliro wa Manchu. Ankawerenga mabuku, kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku, kuyang'ana nyenyezi ndi kadamsana. Mu 1917 mkulu wa asilikali Zhang Xun atabwezeretsa Puyi pampando, masewera amene adatha m'masiku 12, Zaifeng sadathamangire kukatenganso mpando wake wakale.

Musaganize kuti kunyumbako kudali mtendere wokhawokha. Mwana woyamba anali adakali m'kati mwa mpanda wa nyumba yachifumu, mfumu ya dzina lokha, akuleredwa ndi akazi amasiye a mafumu akale. Pujie ataloledwa kukacheza naye, ana awiriwo adasewera chibisalirano bwinobwino, mpaka Puyi adaona kuti m'kati mwa mkono wa malaya a mng'ono wakeyo muli nsalu yachikasu, mtundu wa mfumu yokha. Adamukalipira, ndipo Pujie adaima njo ngati wantchito. Ana a mimba imodzi amenewo.

Choopsa chidachitika mu 1921. Puyi, ali ndi zaka 15, adakangana ndi mmodzi wa amayi omulerawo, Duankang. Mayiyo adaitanitsa Youlan ndi apongozi ake n'kuwazazira kuti mwana wawo ndi wamwano. Youlan atabwerera kunyumba adameza opium n'kumwalira, ali ndi zaka 37. Ndikafika pamenepa ndimavutika naye Zaifeng. Kufatsa kumene kudamupulumutsa iye sikudatchinjirize mkazi wake. Munthu wopewa mikangano amasiya ena kuti ayisenze okha.

Mu Novembala 1924 mkulu wa asilikali Feng Yuxiang adathamangitsa Puyi m'nyumba yachifumu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka 16, mwana adabwerera kukagona kwa bambo ake, m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Houhai. Sadakhalitse. Patangopita masabata ochepa adathawira ku ofesi ya kazembe wa Japan, kenako ku Tianjin. Mtima wake wonse udali pa kubwerera pampando, ndipo a ku Japan adadziwa pomugwira. Atalanda Manchuria, dziko la makolo a Manchu, adakhazikitsako boma lachidole la Manchukuo mu 1932, ndipo mu 1934 adamulonga Puyi ufumu kumeneko.

Zaifeng adatsutsa zoti mwana wake apite. Mu 1934 adakamuona ku Changchun, atatenga mwana wake wamng'ono, Puren. Adakhalako pafupifupi mwezi umodzi, adaona yekha amene ankalamula zenizeni m'nyumbamo, n'kubwerera. Kukhala bambo wa mfumu kachiwiri, ndi ulemu ndi ndalama zake, adakukana. Kwa munthu amene mbiri imamutcha wofooka, limeneli ndi ayi wamkulu, ndipo ambiri olimba mtima a nthawi yake adalephera kumunena.

Taonani izi. Mu 1910 mnyamata wina woukira boma, Wang Jingwei, adatchera bomba pamlatho wina pafupi ndi nyumba ya Zaifeng kuti amuphe. Chiwembu chidaululika, ndipo boma la Zaifeng lidamupatsa ukaidi wa moyo wonse m'malo momunyonga. Adatuluka mu 1911 ali ngwazi ya dziko. Mu 1940 Wang yemweyo adakhala mtsogoleri wa boma lina lachidole la Japan ku Nanjing, ndipo lero ku China dzina lake limatanthauza wogulitsa dziko. Amene ankafuna kumupha adagwadira Japan, mwana wake womubala adagwadira Japan, kalonga wachibwibwi uja ayi.

Mtengo wa Manchukuo udagwera ana. Pujie adakwatitsidwa mu 1937 kwa Saga Hiro, mkazi wa banja lolemekezeka la ku Japan, ukwati wokonzedwa ndi asilikali a dzikolo pofuna kuti mpando udzagwere mwana wa magazi awo, poti Puyi analibe mwana. Chodabwitsa n'chakuti awiriwo adakondanadi, ndipo adadikirana zaka 16 za kulekana. Mu Ogasiti 1945 asilikali a Soviet Union adagwira Puyi ndi Pujie. Mu 1950 adawabweza ku China n'kuwatsekera kundende ya Fushun. Ali komweko, mu 1957, mwana wamkulu wa Pujie, Huisheng, adapezeka atafa paphiri la Amagi ku Japan, ali ndi zaka 19.

Zaifeng adamwalira pa 3 Febuluwale 1951 ku Beijing, ali ndi zaka 67, ana ake aamuna awiriwo ali m'ndende. Nyumba yaikulu ija anali ataigulitsa kale ku boma latsopano. Munda wake udadzakhala mokhala Soong Ching-ling, mkazi wamasiye wa Sun Yat-sen, mtsogoleri wa gulu limene lidagwetsa ufumuwo, ndipo lero alendo amalowamo ndi matikiti n'kumajambula ndi mafoni. Puyi adamasulidwa mu 1959, adagwirako ntchito m'munda wa zomera ku Beijing, n'kumwalira mu 1967. Pujie adafika 1994.

Pa ana 11 a Zaifeng, amene ndimamuganizira kwambiri ndi Puren, uja adapita naye ku Changchun n'kubwerera naye. Adatenga dzina wamba loti Jin Youzhi. Jin m'Chitchaina ndi golide, tanthauzo lomwelo la Aisin m'chinenero cha Manchu. Mu 1947 iye ndi bambo ake adatsegula sukulu ya pulayimale ya Jingye m'zipinda za pamalo a banjalo, Puren n'kukhala mphunzitsi wamkulu. Mlongo wake Yunhuan naye adakhala mphunzitsi, ndipo mu 1950 adakwatiwa ndi mwamuna wamba wa mtundu wa Han. Sukuluyo pambuyo pake idaperekedwa ku boma, koma Puren adapitiriza kugwira choko m'sukulu za pulayimale za mu Beijing mpaka adapuma mu 1988. Adamwalira mu 2015 ali ndi zaka 96, nthawi imene ena mwa inu munali mutatsegula kale Facebook.