Kuthamanga sikufika, mverani bondo lanu

Masiku ano majowajowa salinso a asilikali a ku Cobbe Barracks okha. Mukadzuka m'mamawa kuno ku Matawale mukumana ndi amayi, abambo ndi achinyamata ali wefuwefu mumsewu, ena atauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa cha BP kapena shuga. Loweruka olimba mtima amakwera phiri la Zomba mpaka pa Ku Chawe kapena pa damu la Mulunguzi. Zonsezi n'zabwino, koma ambiri satha miyezi iwiri. Mukawafunsa, yankho ndi limodzi: bondo.

Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera ya kumudzi, komwe ndimayang'aniranso zamasewero, ndipo ndimathamanga katatu pa sabata. Zomwe ndaona pa ophunzira anga ndi anzanga othamanga nawo zandiphunzitsa kuti nthawi zambiri bondo limadandaula chifukwa talisenzetsa katundu wambiri mwadzidzidzi. Kusukulu timakhala teremu yonse osathamanga, kenako tikamva kuti mpikisano wa zoni wayandikira, ana amazungulira bwalo tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri. Pofika tsiku la mpikisano, amene timamudalira ali kutsimphina.

Ululu wofala kwambiri umamveka kutsogolo, mozungulira kafupa kophimba bondo. Umakula potsika masitepe, ponyonyomala, kapena poimirira mutakhala nthawi yaitali mu minibasi. Wina umabaya m'mbali mwa bondo chakunja, makamaka potsika mtsetse. Ana a zaka 10 mpaka 15, amene akukula msanga, ena amatuluka kachotupa kowawa mmunsi pang'ono mwa bondo, pomwe mtsempha umagwira fupa. Kameneka kamaleka kuwawa mwana akamaliza kukula, koma kamafuna kuchepetsa kudumpha ndi kuthamanga pamene kakuwawa.

Ife a ku Zomba tili ndi vuto lathulathu. Nsonga ya phiri lathu imapitirira mamita 2,000, ndipo amene wakwera ayenera kutsika. Ambiri amaopa chitunda poti chimatha mpweya, chonsecho chimene chimapweteka bondo ndi mtsetse. Potsika, minofu ya ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki, ndipo phazi likagunda pansi, mphamvu yake imathera pa bondo. Langizo langa n'lakuti kwerani mothamanga ngati mungathe, koma tsikani moyenda, kapena ndi timasitepe tatifupitifupi. Ngati ndinu woyamba kumene, khalani kaye kuchigwa mwezi wathunthu, pa bwalo la mpira kapena msewu wafumbi.

Bondo likayamba kuwawa, si kuti musiyiretu. Chepetsani mtunda ndi theka, siyani mitsetse, ndipo pumani tsiku limodzi pakati. Ululu ukamakukakamizani kutsimphina, kapena ukakula m'mawa mwake, siyani kaye kuthamanga, muziyenda ndawala kapena kupalasa njinga chishalo chitakwezedwa bwino. Mukabwerako, ikani madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15. Kumudzi kopanda firiji, nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko imaziziritsako.

Mankhwala enieni ndi kulimbitsa ntchafu ndi chiuno, chifukwa ndi zomwe zimawongolera bondo. Khalani pa mpando n'kuimirira osagwira paliponse, maulendo 10. Gonani chagada, pindani mawondo, n'kukweza matako m'mwamba, maulendo 10. Gonani cham'mbali n'kukweza mwendo wapamwamba uli wowongoka. Bwerezani zonsezi katatu, masiku atatu pa sabata. Musayembekezere chozizwitsa mawa lomwe: minofu imafuna masabata 6 kapena kuposerapo kuti musiyanitse.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi bufeni ndi diclofenac wogula pa okala. Achinyamata amamwa asanalowe m'bwalo kuti asamve ululu. Ululutu ndi belu lochenjeza, ndipo mukalitseka pakamwa mumavulala osadziwa. Mankhwala amenewa, akamwedwa kawirikawiri kapena m'mimba mopanda kanthu, amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amatha kuwononga impso. Kutema mphini nakonso sikulimbitsa mnofu ngakhale umodzi.

Pa nsapato, za pakaunjika zilibe mlandu. Ingoyang'anani kupansi: ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, kapena nsapatoyo ikukuthinani, isiyeni ngakhale ikhale ya dzina lotchuka.

Pali zizindikiro zosafunika kuzengereza nazo. Bondo likatupa kwambiri mutagwa kapena kubinya, likamakana kuwongoka, likamagwedera ngati lithyoka, kapena mukalephera kuponda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Likatupa, kutentha, thupi n'kumamva malungo, imeneyo ndi ngozi. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha Matawale kapena chapafupi nanu, iwo akutumizani ku Zomba Central Hospital ngati pakufunika a mafupa kapena a mafizo. Chitaninso chimodzimodzi ngati mwapumula ndi kulimbitsa minofu kwa mwezi ndi theka koma osasintha.

Kwa aphunzitsi anzanga ndikuti, tiyambe kukonzekeretsa ana teremu ikangotsegulidwa, kawiri pa sabata, osati kudikira kalata ya mpikisano. Mwana akanena kuti bondo likuwawa tisamutche waulesi pamaso pa anzake. Timupumitse, tiwauze makolo, ndipo tionetsetse kuti wapita kuchipatala ngati latupa. Chikho chimabweranso chaka chamawa, koma mwanayo ali ndi makilomita oti ayende wapansi popita ndi pobwera kusukulu tsiku lililonse.