Za Mfumu Imene Inagula Mvula ndi Thupi la Mwana Wace

Mwezi uno tifuna kukufotokozerani nthano ya ku Japan, dzina lace Dororo, pakuti muli mlandu woyenera kuti akuru ndi ana auweruze pamodzi. Anaipeka Osamu Tezuka, mmisiri wa zithunzi, m'caka ca 1967. M'caka ca 1969 inaoneka pa kanema m'zithunzi zojambula zoyenda, zimene eni ace azicha anime. Ndimo m'caka ca 2019 anaijambulanso m'zigawo 24. Ife titsata ya 2019.

Nthanoyi ikamba za masiku a nkhondo za mafumu a ku Japan, zaka zoposa 500 zapitazo. M'dziko la Kaga munali mfumu, dzina lace Daigo Kagemitsu, ndipo anthu ace analikutha ndi njala ndi miliri. Tsono mfumuyo inalowa m'nyumba ya mafano a ziwanda 12, nipangana nazo kuti zitenge ciri conse cace, zikangoipatsa ulemerero ndi kulemeza dziko lace. Mwana wace woyamba pobadwa anaoneka wopanda khungu, maso, makutu, mphuno, manja ndi miyendo, pakuti ziwanda zinagawana ziwalo zace. Daigo analamula kuti amtaye, koma mzamba anamuika m'bwato pamtsinje. Sing'anga wina, Jukai, anamtola, namsemera ziwalo za mtengo, namucha Hyakkimaru.

Kodi mfumu imeneyi tiinenere kuti ndi mfiti cabe, monga munthu wokhwimira cuma? Mwini nthano satilola kufulumira cotero. Pangano lija litacitika mvula inagwa, mpunga unaca m'minda, ana a alimi anakhuta. Koma Hyakkimaru atakula anayamba kusaka ziwandazo, ali ndi malupanga m'mikono yace yosema, ndipo pakupha cimodzi, ciwalo cace cimodzi cinabwerera. Pamene iye analandira makutu, mau ndi mphuno, dziko la atate wace linalandira cilala, dzombe, nthenda ndi nkhondo. Cimene cinamciza iye cinapweteka anthu osalakwa.

Womvetsa cisoni koposa ndiye mng'ono wace Tahomaru. Atamva cimene atate wace anacita, anawatsutsa pamaso. Koma pakuona kuti moyo wa midzi yonse wapacikika pa pangano limenelo, anasolola lupanga kukamenyana ndi mkuru wace. Sanatero cifukwa ca dyera iai, koma cifukwa anakonda anthu ace. Naye Hyakkimaru si woyera konse. Asilikali a Daigo atapha Mio, namwali wolera ana amasiye amene anamcitira cifundo, iye anawakantha mwaukali wonga wa cirombo, ndipo anatsala pang'ono kutaya umunthu umene analikuufunafuna.

Nanga tiweruze bwanji? Ife titi cinsinsi ca mlanduwu ciri pa kusiyanitsa nsembe ziwiri. Dororo, kamwana kamasiye koyenda ndi Hyakkimaru, kanali ndi mai wace amene tsiku lina, posowa mbale, analandira phala lotentha m'manja mwace, napsya, kuti mwana adye. Mai ameneyu anapereka cace. Daigo anapereka ca mwini, ndiwo moyo wa khanda losadziwa kanthu, losatha kubvomera kapena kukana. Ndipo pamodzi ndi cifundo ca pa anthu ace anasunganso mumtima nkhuli ya ufumu. Maganizo ace afanana ndi a Kayafa, amene anayesa cinthu cabwino kupha mmodzi wosalakwa kuti mtundu upulumuke. Njala ndi cirombo, sitikana. Koma nkhokwe yodzala ndi mwazi wa mwana siikhalitsa, ndipo onse odyamo asanduka akapolo a pangano loipa, ngakhale iwo amene sanalipangane.

Pa cimariziro linga la mfumu lipsya. Tahomaru abwezera mkuru wace maso, nafera m'moto pamodzi ndi mai wao Nui ndi Jukai. Hyakkimaru apeza atate wace ali wolasidwa, ndipo ngakhale akhoza kuwapha, awaleka amoyo, pakuti wasankha kukhala munthu. Dororo naye atsimikiza mtima kugwiritsa nchito cuma cimene atate wace anabisa, kuti alimi aimiritse midzi yao ndi manja ao, osadalira ziwanda kapena mafumu a nkhondo.

Cenjezo lathu kwa inu akuru ndi ili: zithunzizi ziri ndi mwazi wambiri, siziyenera tiana. Koma anyamata ndi asungwana anu akaziona, khalani nao pansi madzulo, muwafunse kuti akadakhala Tahomaru akadatani. Akayankha msanga, muwakumbutse ana a alimi aja. Akati mmodzi afere onse, muwafunse ngati angabvomere kuti mmodziyo akhale mng'ono wao. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.