Kanjira ka mkuwa kamene kamayesedwa kasanapangidwe

Munthu akaima pa Union Buildings, pamwamba pa Meintjieskop ku Arcadia, amaona Pretoria yense ali m'munsi, madenga ake atasenza milongoti ya foni. Pafupi pomwepo, pa Government Avenue, pali ofesi ya kazembe wa Malawi, kumene anzathu okhala ku South Africa amapita kukakonzetsa mapepala, aliyense foni ili kumanja. Mkati mwa foni zimenezo muli tinjira ta mkuwa topyapyala kuposa pepala, totenga mafunde a wailesi kuchoka pa chip kupita ku kamlongoti kobisika m'mphepete mwa foniyo. Chakum'mawa kwa Arcadia, ku Hatfield, University of Pretoria imaphunzitsa mainjiniya kupanga tinjira totere, ndipo ili ndi bungwe la Carl and Emily Fuchs Institute for Microelectronics lochita kafukufuku wa zipangizo zing'onozing'ono zamagetsi. Ntchito yambiri ya kumeneko imachitikira pa kompyuta mkuwa usanadulidwe. Kuyeserera kumeneku ndikofunika ndithu, ndipo kwatsegula khomo la ntchitoyi kwa anthu opanda mafakitale, koma mayankho ake amakhala oona pokhapokha wofunsayo akudziwa chimene akufunsa komanso ali ndi njira yopimira chinthu chenichenicho.

Choyamba timvetse chifukwa chake kawaya kakafupi chonchi kamavutitsa anthu ophunzira. Magetsi a ESCOM amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo funde limodzi la magetsi otere ndi lotalika makilomita 6,000. Kwa funde lalitali choncho, waya wa m'nyumba ndi kadontho chabe, kaya mwaupinda kaya mwauwongola. Mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz amasinthasintha ka mabiliyoni 2.4 pa sekondi, ndipo funde limodzi ndi masentimita 12.5 mumpweya, pamene pabolodi limafupikanso kufika pakati pa masentimita 6 ndi 8. Apa kukula kwa kanjira, kupindika kwake ndi chimene chili pambali pake zonse zimayamba kuwerengedwa. Funde likapeza kuti njira yasintha mwadzidzidzi, gawo lina limabwerera kumene lachokera, monga mawu amabwerera munthu akakuwa moyang'ana thanthwe. Mphamvu yobwererayo siifika ku mlongoti, choncho foni imamva movutikira ndipo batire limatha msanga. Pofuna kupewa zimenezi, mainjiniya anagwirizana kuti njira zambiri za mafunde a wailesi zizikhala za muyeso umodzi, wa ma ohm 50, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mtundu umodzi wa tinjira timeneti umatchedwa coplanar waveguide, ndipo anaufotokoza koyamba Cheng P. Wen wa ku RCA Laboratories ku America mu 1969. Aliyense amene analimapo angaumvetse mosavuta. Pakati pali mzere umodzi wa mkuwa wonyamula funde, mbali zonse ziwiri kuli ngalande zopanda mkuwa, ndipo kuseri kwa ngalandezo kuli minda iwiri ya mkuwa yotchedwa ground. Zonsezi zili pamwamba pa bolodi, mbali imodzi, kotero kachipangizo kofunika kulumikiza mzere wapakati ndi ground kamangowotchereredwa pomwepo popanda kuboola. Mphamvu yambiri ya funde imadutsa m'ngalandemo, theka mumpweya theka m'bolodi, ndipo ma ohm a njirayo amadalira kukula kwa mzere poyerekeza ndi kukula kwa ngalande, komanso mtundu wa bolodi. Njira yomweyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito popima ma chip asanadulidwe, ndiponso m'makompyuta ena a quantum.

Malamulo a kayendedwe ka mafunde amenewa anawalemba James Clerk Maxwell mu 1865, ndipo pa kanjira kowongoka masamu ake munthu angathe kuwachita pa pepala. Koma bolodi lenileni lili ndi makona, mphambano ndi polumikizira, pamene masamu apamanja amathera panjira. Mapulogalamu oyeserera amadula chithunzi cha bolodi m'tizidutswa zikwizikwi, n'kuwerengera malamulo a Maxwell pa kachidutswa kalikonse. Njira ziwiri zodziwika zochitira zimenezi zinachokera kwa Kane Yee mu 1966 ndi Roger Harrington mu 1968. Lero mayina odziwika ndi HFSS, CST, Sonnet ndi FEKO, ndipo lomalizali ndi la kuno kumwera: linayamba ndi kafukufuku wa Ulrich Jakobus ku Stuttgart mu 1991, linakulira ku kampani ya EMSS ku Stellenbosch, ndipo kampani ya Altair ya ku America inaligula mu 2014. Amene amati Africa amangogula luso la ena aziikumbukira nkhani imeneyi.

Tsono vuto la mapulogalamuwa ndi lakuti sakana kuyankha. Pa coplanar waveguide, cholakwika chofala chili pakhomo polowetsera funde, pamene mainjiniya amati port. Njirayi ili ndi zitsulo zitatu, choncho funde lingathe kuyendamo mwa mitundu iwiri: wofunikawo, pamene minda iwiri ya ground ili yofanana mphamvu, ndi wina wosafunika, pamene minda iwiriyo yasiyana. Pakona, ngalande yakunja imatalika kuposa yamkati, ndipo mtundu wosafunikawo umabadwa. N'chifukwa chake opanga mabolodi amalumikiza minda iwiriyo ndi timilatho kapena timabowo tokutidwa ndi mkuwa totsikira ku ground ina ya pansi pa bolodi. Wophunzira amene wajambula port yaing'ono kwambiri, kapena yaikulu kwambiri, amalandira mzere wokongola pa sikirini wofotokoza chinthu chimene sichidzakhalapo. Palinso nkhani ya tizidutswa tija: magetsi amaunjikana m'mphepete mwenimweni mwa mkuwa, ndipo ngati tizidutswa ta pamenepo ndi tatikulu, yankho limaphonya. Bolodi wamba la FR-4 nalonso silikhala chimodzimodzi nthawi zonse, popeza nambala yosonyeza mmene limachedwetsera funde imasiyana pakati pa 4.2 ndi 4.7 malinga ndi wopanga. Mkuwa wa pabolodi nthawi zambiri ndi wochindikala ma micrometre 35, koma pa 2.4 GHz magetsi amangoyenda pakhungu la ma micrometre 1.3, kotero kukhakhala pang'ono kwa mkuwa kumadya mphamvu imene pulogalamu siingaidziwe ngati sinauzidwe.

Wina angati, ngati misampha ndi yochuluka chonchi, bwanji osangopanga bolodi n'kulipima? Funsoli lili ndi nzeru, ndipo mainjiniya akale ankachitadi choncho, akumadula mkuwa ndi kampeni. Koma bolodi lililonse latsopano limatenga ndalama ndi masiku, ndipo pa chip palibe kampeni kamene kangalowe. Komanso makina opimira, otchedwa vector network analyser, amakuuzani kuchuluka kwa mphamvu imene yabwerera ndi imene yadutsa, pamene chithunzi cha pa kompyuta chimakuonetsani kona yeniyeni imene mphamvu ikutayikira. Ziwirizi zimathandizana, ndipo ndi chifukwa chake University of Pretoria ili ndi chipinda chopimiramo milongoti kuwonjezera pa makompyuta. Ngakhale MeerKAT, makina a mbale 64 omvera mafunde a kuthambo amene anatsegulidwa ku Karoo mu 2018, anawerengeredwa pa kompyuta kenako n'kupimidwa.

Winanso angati zonsezi ndi za mayiko olemera, poti chilolezo cha mapulogalamu akuluakuluwa ndi chodula zedi. Kudulako n'koona, koma si mapeto a nkhani. Pulogalamu ya openEMS ndi yaulere, KiCad ili ndi kowerengera coplanar waveguide kaulere, ndipo makampani ena amapereka mapulogalamu ochepetsedwa kwa ophunzira. Kufunika kwa lusoli kwathu kunaoneka kale mu 2013, pamene akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba, mogwirizana ndi MACRA, anayesa kufikitsa intaneti kusukulu ndi kuchipatala kudzera m'mipata ya mafunde a wailesi yakanema. Wophunzira wa ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo angathe kujambula pa laputopu yake kanjira kofanana ndi kamene mnzake wa ku Hatfield akujambula. Kusiyana kwawo kwagona pa chopimira, ndipo ngakhale pamenepo mpata wachepa, chifukwa kachipangizo kotchipa kotchedwa NanoVNA, kolowa m'thumba la malaya, kali ndi mitundu ina yofika 3 GHz, yokwanira kupima kanjira ka Wi-Fi ndi kuona ngati ma ohm 50 a pa sikirini alipodi pa mkuwa.