Kodi Amadya Mnzake Ndani pa Njuga?

Mukafika pa msika wa Jenda, kapena mukayenda pa Boma la Mzimba masana a Loŵeruka, mudzaona anyamata ataunjikana pa khomo la kasitolo kena. Ena ali ndi timapepala m'manja. Ena maso ali pa foni, osaphethira. Sakugula sopo kapena mchere ai. Akubetcha mpira. Ndipo si anyamata okha. Muli abambo a mabanja momwemo, ngakhalenso amai ena amene amachita zimenezi mwakachetechete kunyumba.

Njuga si yachilendo kwathu kuno. Akuluakulu amene adagwira ntchito ku migodi ya ku Joni pa nthaŵi ya Wenela ndi TEBA amaidziŵa bwino njuga ya makadi. Koma njuga ya kale inkachitika mobisa, kuseri kwa nyumba kapena pa thengo, ndipo munthu ankachita nayo manyazi. Ya lero ili poyera. Kampani ya Premier Bet idayamba ntchito zake m'Malaŵi muno mu 2015, ndipo ena adatsatira pambuyo pake. Tsopano munthu safunika kuchoka pamudzi. Ali ku Luwerezi kapena ku Edingeni, angathe kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nkubetcha ali gone pa mphasa.

Boma silidaletse kubetcha. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2022 lidaika bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, mwachidule MAGLA, kuti liziyang'anira makampani ameneŵa ndi kuŵapatsa ziphaso. Lamulo limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kubetcha. Koma inu akuluakulu palibe amene angakugwireni dzanja. Nchifukwa chake muyenera kudziŵa nokha mmene maseŵeraŵa amayendera. Mudaphunzira kuŵerenga ndi kuŵerengera. Tiyeni tigwiritse ntchito nzeru imeneyo.

Masamu a kampani

Tiyerekeze kuti Bullets ikuseŵera ndi Wanderers. Bambo wina akuti Bullets ipambana, ndipo waika K1,000. Mnzake akuti Bullets sipambana, nayenso waika K1,000. Akadabetchana okha aŵiri pansi pa mtengo, wopambanayo akadatenga K2,000 yonse. Koma iwo apereka ndalama zao ku kampani. Kampani yalonjeza kuti wopambana alandira K1,900.

Ŵerengani tsono. Kampani yalandira K2,000. Yabweza K1,900. Yatsala ndi K100. Bullets ipambane kapena igonje, K100 ija ndi ya kampani basi. Mwina mukuti K100 ndi kandalama kochepa. Zoona, koma kumbukirani kuti akubetcha ndi anthu zikwi zambiri, tsiku ndi tsiku, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Uku si kuba. Ndi mmene malondaŵa adapangidwira, monga wogulitsa matimati pa Jenda amaika phindu lake pa mulu uliwonse. Kusiyana kwake nkwakuti wogula matimati amabwerera kunyumba ndi ndiwo.

Anyamata ambiri sakonda kubetcha mpira umodzi. Amati ndalama zake nzochepa. Amalemba matimu khumi pa tikiti imodzi, ndipo pansi pake pamaoneka ndalama zambiri zokopa mtima. Koma kuti mudye, matimu onse khumi ayenera kuchita monga mudanenera. Imodzi yokha ikalakwa, tikiti yafa.

Tengani ndalama yachitsulo muiponye m'mwamba. Kulosera mbali imene igwere, mwai wanu ndi umodzi pa iŵiri. Kulosera molondola kaŵiri motsatizana, mwai ndi umodzi pa inai. Katatu, umodzi pa 8. Pitirizani kuŵirikiza chomwecho: 16, 32, 64, 128, 256, 512. Mukafika kakhumi, mwai wanu ndi umodzi pa 1,024. Ndiye kuti munthu wogula tikiti yotere tsiku lililonse angayembekeze kudya kamodzi pa zaka pafupifupi zitatu. Wina anena kuti, “Koma ine mpira ndimaudziŵa, ndimasankha matimu amphamvu okhaokha.” Chabwino. Koma a kampani nawonso amadziŵa timu yamphamvu, ndipo pa timu yotero amalipira zochepa. Iwo adalemba ntchito akatswiri a masamu ndi makompyuta. Inu muli ndi wailesi ndi mau a anzanu a pa bawo.

Mumvanso anthu akudandaula kuti, “Yandiphera timu imodzi yokha!” Mau ameneŵa ndi oopsa. Amampangitsa munthu kuganiza kuti adatsala pang'ono kudya, choncho maŵa zitheka. Koma pa matimu khumi, kulakwa imodzi kapena ziŵiri nchinthu chochitika kaŵirikaŵiri kuposa kulondola onse. Sichizindikiro chakuti mwai wayandikira.

Kandege

Pali maseŵera ena a pa foni otchedwa Aviator, amene anthu amati kandege. Kandege kofiira kamanyamuka, ndalama zanu nkumakwera, ndipo muyenera kuzichotsa kasanathaŵe. Kakathaŵa musanachotse, zapita. Amene adapanga maseŵeraŵa amanena okha kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse aika, pafupifupi K97 ndiyo imabwerera kwa oseŵera. K3 imatsala. Mukaika K1,000 maulendo 100, ndiye kuti mwaika K100,000 yonse pamodzi, ndipo mwa masamu muyembekeze kutaya K3,000. Ena ataya zoposa apo kutalitali, kuti ochepa adye.

Ine kandege ndimakaopa kuposa mpira. Mpira umatha mphindi 90, ndipo munthu amapeza nthaŵi yoganiza. Kandege kamatha musanamalize nkomwe kumwa kapu ya madzi, kena nkunyamuka pomwepo, usana ndi usiku. Ndipo musanamizidwe ndi anthu ogulitsa “nambala za maŵa” kapena njira yodziŵira pamene kandege kathaŵire. Munthu wodziŵadi zimenezo sakadavutika kukupemphani K2,000 yanu.

Za bambo wina wa m'kalasi mwathu

M'kalasi ina imene ndinkayendera cha ku Embangweni mudali bambo wina wakhama kwambiri. Dzina lake sinditchula. Mng'ono wake adali ku Johannesburg, monga aliri anyamata ambiri a m'boma lathu lino, ndipo ankatumiza ndalama zoti agule malata a nyumba ya mai ao. Bamboyo adayamba ndi K500. Tsiku lachitatu adadya K18,000, ndipo mudzi wonse udamva. Za masiku amene adadyedwa sadauze munthu.

Atataya ndalama zake, adati abwerekeko pang'ono pa za malata, abweza akadya. Zitapita zimenezo, adaika zochulukirapo kuti abweze msanga. Apa ndi pamene pali dzenje lenileni la njuga. Munthu sakuseŵeranso kuti asangalale. Akuthamangitsa ndalama zimene zidapita kale, ndipo akamathamanga dzenje likukulirakulira. Mvula idafika nyumba ili yosafolera. Mng'ono wake akaimba foni, iye ankati mitengo ya malata yakwera. Chimenecho chidali choona ndithu, pakuti mu Novembala 2023 kwacha idatsika mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, koma sichidali chifukwa chake chenicheni.

Chimene chidamtsegula maso ndi kope la sukulu. Tidali kuphunzira kulemba ndalama zoloŵa ndi zotuluka. Iye adatsegula mauthenga a pa foni yake, nalemba zonse zimene adatumiza ndi zonse zimene adalandira pa miyezi inai. Ataphatikiza adakhala chete nthaŵi yaitali. Iye m'mutu mwake ankaganiza kuti adangotaya pang'ono. Mutu umasunga tsiku lodya, umaiŵala masiku odyedwa. Kope siliiŵala.

Mudziŵa bwanji kuti yasanduka matenda?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaika vuto la njuga pa mndandanda wa matenda, pafupi ndi uchidakwa. Sikuti aliyense wobetcha ndi wodwala ai, monganso si aliyense wolaŵa moŵa amene ali chidakwa. Koma dzifunseni mafunso aŵa, ndipo muyankhe zoona, pakuti palibe akukumvani.

Kodi mukadyedwa mumabwereranso msanga kuti mubweze zimene zapita? Kodi K500 imene inkakukwanirani kale tsopano ikuoneka yochepa, mwakuti mukuika zambiri? Kodi mudanamizapo akunyumba za kumene ndalama zidapita? Kodi mudabwerekapo ku banki mkhonde kapena kwa akatapila, kapena kugulitsa nkhuku, mbuzi, thumba la chimanga kapena feteleza, kuti mubetche? Kodi mudayesapo kuleka nkulephera? Mukakhala tsiku osaseŵera, kodi mtima umakhala m'malo, kapena mumakalipira ana popanda chifukwa? Kodi muli kumunda kapena m'tchalitchi maganizo amakhala pa tikiti?

Mukavomera ngakhale funso limodzi, chenjerani. Mukavomera angapo, vuto lilipo ndithu. Mwa mafunso onseŵa, ine ndimaona kuti aŵiri ndiwo akulu: lobweza zotayika ndi lonama. Munthu amene akungosangalala sabisa.

Inu amai ndi abambo amene mukukhala ndi munthu wotere, zizindikiro mumaziona msanga kuposa mwini wake. Foni saisiya, ndipo mukayandikira amaitembenuza. Usiku sagona. Lero ali ndi ndalama zogulira anzake zakumwa, maŵa akupempha ya mchere. Katundu wa m'nyumba amayamba kusoŵa.

Ngati mwasankha kuseŵerabe

Kusabetcha konse ndiko kosataya ndalama. Koma ndikudziŵa kuti ena mwa inu museŵerabe, choncho mverani izi. Ndalama ya njuga muiyese ngati ndalama yoonera mpira pa kanema: mwalipira, mwasangalala, yapita. Musanayambe, nenani kuti sabata ino ndi mwakuti, ndipo mulembe m'kope. Ikatha, mwatha. Ikhale ndalama yotsala mutagula chakudya, sopo, mbeu ndi feteleza, mutalipiranso za sukulu. Ngati palibe yotsala, palibenso yobetchera. Ndalama ya ngongole, ya gulu, ya tchalitchi, kapena imene m'bale wanu watumiza kuchokera ku Joni, si yanu, musaikhudze.

Musabetche mutamwa moŵa, mutakwiya, kapena pamene mavuto akupanikizani. Nthaŵi yoopsa kwambiri kwa ife alimi ndi iŵiri. Yoyamba ndi pamene tagulitsa fodya, soya kapena matimati, m'thumba muli ndalama zambiri. Yachiŵiri ndi Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ikapepuka, pamene munthu amaganiza kuti K1,000 yotsalayo ingabale thumba la chimanga. Ndipo musatume mwana kukagula tikiti, kapena kumubwereka foni yanu kuti aseŵere. Lamulo likuletsa, ndiponso chimene mwana wazoloŵera ali wamng'ono chimavuta kuchileka.

Ngati mwalephera kuleka nokha

Choyamba uzani munthu mmodzi amene mumamkhulupirira: akunyumba kwanu, atsibweni, abusa, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Munene zonse, ndi ngongole zomwe. Kunena theka sikuthandiza. Chachiŵiri, ndalama zichoke m'manja mwanu kwa kanthaŵi. Wina azisunga, ndipo pa foni pasamakhale zambiri. Pemphani kampani kuti itseke akaunti yanu, mufufutenso maseŵerawo pa foni. Njira yodutsa pa sitolo yobetchera muileke, ngakhale ina ikhale yozungulira.

Bambo wa ku Embangweni uja adachita zimenezi. Chovuta kwambiri kwa iye chidali kuimbira mng'ono wake ndi kunena zoona. Adakangana, ndipo padapita miyezi osalankhulana. Malata adagula chaka chotsatira, atagulitsa soya, ndipo adakwanira mbali imodzi yokha ya denga.

Inu achibale, musafulumire kumlipirira ngongole zake zonse, chifukwa kaŵirikaŵiri amabwereranso. Musamchititsenso manyazi pa gulu. Ngongole ndi manyazi zikamuunjikira munthu, ena amafika poganiza zodzipha. Mukamva mau onga akuti “kuli bwino ndingofa,” musaŵayese nthabwala, ndipo musamsiye yekha. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, kaya pa Boma la Mzimba, kaya ku Embangweni, kaya chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Ku Mzuzu kulinso a St John of God, amene amathandiza anthu ovutika maganizo ndi amene agwidwa ndi zizoloŵezi zovuta kuleka.

Ntchito yoti muchite

Tengani kope lanu. Lembani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani “Zimene ndaika.” Kumanja lembani “Zimene ndalandira.” Lembani tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, osadumpha ngakhale K100. Pakutha pa mwezi phatikizani mbali zonse ziŵiri, muchotsere.

Ngati inu simubetcha, ŵerengerani samu iyi pamodzi ndi anzanu a m'kalasi. Munthu wina amataya K500 tsiku lililonse. Kodi pa masiku 30 wataya zingati? Nanga pa miyezi 12? Mukapeza yankho, kafunseni ku sitolo mtengo wa lata limodzi ndi wa thumba la feteleza, mudzatiuze sabata yamaŵa kuti ndalamazo zikadagula zingati.