MWANA WOSAKHAZIKIKA: MKWAPULO KAPENA MANKHWALA?

Pa sukulu ina ya ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, belu la m'mawa lalira ndipo ana onse akhala pansi. Mphunzitsi asanathe kulemba tsiku pa bolodi, mnyamata wina wa zaka 8 waimirira kale. Apita pa zenera kukaona njinga za makala zirikutsikira ku msika, abwerera, atola pensulo ya mnzace, nayankha funso limene mphunzitsi sanatsirize kufunsa. Madzulo amai ace amtuma kukagula mcere ndi kapenta. Iye abwera ndi mcere wokha, ndalama yotsala wataya panjira. Atate ace, amene agwira nchito ku mgodi wa mkuwa ku Chingola, akabwera pa chuthi alandiridwa ndi mau amodzimodzi: "Mwana wanu samva." Pamenepo mkwapulo uturuka.

Mwanayu wakwapulidwa kawirikawiri, koma sanasinthe. Agogo ace aganiza kuti wina anamlodza. Anansi ati amai ace amlekerera. Komatu madotolo adziwa bvuto lina la m'bongo limene licititsa ana zotere, ndipo pa Cingerezi alichula mwacidule kuti ADHD. Bvutoli liri ndi cithandizo cace, koma cithandizoco ciri ndi dongosolo, ndipo mankhwala sindiwo oyamba.

ZIZINDIKIRO ZACE

Zizindikiro zazikuru ziripo zitatu. Coyamba, mwana alephera kuika mtima pa cinthu cimodzi: ayamba nchito osaitsiriza, aiwala cimene wauzidwa, ataya mabuku ndi nsapato. Caciwiri, atakataka kosalekeza, monga ngati pa mpando pali minga. Cacitatu, acita cinthu asanaganize: adula akuru mau, alephera kudikira pa mzere, adumphira mu mseu osayang'ana galimoto. Ana ena, makamaka asungwana, alibe phokoso konse. Iwo akhala cete m'kalasi maso ali pa bolodi, koma mtima uli kutali, ndipo anthu angowayesa aulesi.

Zoonadi mwana ali yense asewera, aiwala, nacita mphulupulu. Cifukwa cace dotolo sathamangira kuchula dzina la bvutoli. Afuna adziwe kuti khalidweli lakhalapo miyezi 6 kapena kuposa. Kuti linayamba mwana asanafike zaka 12. Kuti lioneka pa malo awiri kapena ambiri, monga kunyumba ndi kusukulu. Ndiponso kuti lirikuononga maphunziro ace kapena ubwenzi wace ndi anzace. Mwana amene abvuta m'kalasi la mphunzitsi mmodzi yekha, koma ali bwino kunyumba, ku chalichi ndi kubusa, bvuto lace liri pena.

Akatswiri amene anawerenga ana m'maiko ambiri anapeza kuti pa ana 100 ali onse, ana monga 5 ali nalo bvutoli. Kuyambira caka ca 2022, pamene Boma la Zambia linacotsa malipiro m'sukulu zace, makalasi ambiri anadzaza. M'kalasi la ana 60 mungakhale ana atatu otere, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kuwaona bwino ngati makolo samthandiza.

GWERO LACE

Mbali ya kutsogolo ya bongo ndiyo igwira munthu kuti adikire, asankhe coyenera kumvera, nasiye zina. Mitsempha ya m'bongo itumizirana mauthenga ndi timadzi tina tochedwa dopamine ndi noradrenaline. Mwa mwana wa bvutoli mauthengawo sayenda mokwanira, kotero iye afanana ndi njinga ya mabuleki ofooka pa mtsetse: wokwerayo aona dzenje, afuna kuima, koma njinga ipitirira.

Kawirikawiri bvutoli ndi la ku mtundu. Makolo akafunsidwa bwino, apezeka atate kapena amalume amene analinso wotero pa ubwana. Zina zimene zionjezera ngozi ndizo kubadwa miyezi isanakwane, kubadwa wocepa thupi kwambiri, ndi mowa umene mai amwa ali ndi pakati. Mtobvu nawonso uononga bongo wa ana. Ici acidziwa anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994 koma dothi la m'makomboni ena likali ndi ululu wace.

Cinanso cofunika kwa anthu a kum'mawa ndi malungo a m'bongo, aja okomola mwana. Mu 2010 madotolo a pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, m'dziko la Malawi, anafalitsa zimene anapeza atatsata ana 132 amene anacira ku malungo otere. Pafupifupi mmodzi mwa ana khumi ali onse anasintha khalidwe pambuyo pace, nakhala wosakhazikika ndi wobvuta kumlamulira. Motero neti yochinga udzudzu, ndi kuthamangira ku cipatala thupi likatentha, zichinjiriza nzeru za mwana pamodzi ndi moyo wace.

M'MENE MANKHWALA ANAPEZEKERA

Bvutoli si lacilendo ai. Mu 1902 dotolo wa ana wa ku London, George Still, anafotokozera madotolo anzace za ana anzeru ndithu amene analephera kudzigwira, ngakhale ena a iwo analeredwa m'mabanja abwino. Mu 1937 dotolo wina, Charles Bradley wa ku Rhode Island m'dziko la America, anapatsa ana 30 mankhwala ochedwa Benzedrine. Iye anadabwa kuona kuti pafupifupi theka la anawo anayamba kucita bwino m'kalasi, ngakhale mankhwalawo ali odzutsa thupi, osati ogonetsa. Mu 1944 Leandro Panizzon, wa kampani ya Ciba ku Basel m'dziko la Switzerland, anapanga methylphenidate, namucha Ritalin potengera dzina la mkazi wace Rita. Mankhwala amenewa ndiwo aperekedwa kwa ana otere m'maiko ambiri kufikira lero.

Munthu angafunse: nanga mankhwala odzutsa akhazika bwanji mwana wotakataka? Yankho ndi lakuti iwo adzutsa mbali ija ya bongo imene igwira mabuleki. Mabuleki akalimba, njinga iima pamene mwini wace afuna.

SITEPE LOYAMBA: KUPIMA THUPI LONSE

Safunsa anadya phula. Makolo ayenera kuyambira pa kiliniki ya pafupi, atatenga khadi la mwana la ku sikelo ndi kalata ya mphunzitsi yofotokoza zimene iye aona m'kalasi. Pali matenda ambiri amene aonetsa zizindikiro zofanana. Mwana wopita kusukulu ndi njala sangachere khutu. Cimodzimodzi mwana wocepa magazi cifukwa ca malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba. Wina samva bwino cifukwa khutu lace lituruka mafinya. Wina saona zolembedwa pa bolodi. Wina sagona tulo tokwanira. Pali mtundu wa khunyu umene sugwetsa mwana pansi: iye angoti duu kwa kamphindi, maso ali tong'o, kenaka napitiriza. Ndiponso phenobarbitone, mankhwala odziwika a khunyu, acititsa ana ena kutakataka. Kholo liuze dotolo za ici, koma lisaleketse mankhwalawo palokha. Cisoni ca maliro, ndeu za m'nyumba ndi nkhanza nazonso zisokoneza mtima wa mwana.

Zonsezi zikaonedwa ndipo bvuto likalipobe, a ku kiliniki atumiza mwana ku cipatala cacikuru, monga St Francis ku Katete, Mwami, kapena Chipata Central Hospital. Ngati kufunika katswiri, ulendo ufika ku Lusaka, mtunda wa makilomita monga 570 pa mseu wa Great East, ku University Teaching Hospital kapena ku Chainama Hills, cipatala ca matenda a maganizo cimene cinatsegulidwa mu 1962. Makolo asacite manyazi ndi dzina la Chainama. Mwana wa ADHD si wamisala.

SITEPE LACIWIRI: KUNYUMBA NDI KUSUKULU

Bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti cithandizo coyamba cikhale kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi kasamalidwe ka mwana wotere. Njira zace sizifuna ndalama. Pomtuma, kholo limuitane pafupi, limyang'ane m'maso, limuuze cinthu cimodzi cokha, ndipo iye abwereze mauwo. Nchito yaikuru idulidwe zidutswa: m'malo mwa mulu wonse wa nsawa, apatsidwe mbale imodzi kuti atongole, akatsiriza apume, kenaka ina. Nthawi ya kudzuka, ya kudya ndi ya kugona ikhale yomweyo masiku onse. Malamulo a panyumba akhale owerengeka, ndipo atate, amai ndi agogo agwirizane pa iwo.

Coposa zonse ndi kuyamika. Mwana wotere amva dzina lace likuchulidwa mokalipa kuyambira m'mawa kufikira usiku, mpaka akhulupirira kuti iye ndi woipa. Akacita cabwino, ngakhale cacing'ono, ayamikidwe pomwepo. Akalakwa, cilango cikhale cacifupi ndi ca nthawi yomweyo, monga kumkhazika payekha mphindi zocepa kapena kumletsa mpira madzulo amenewo.

Kusukulu akhale kutsogolo, kutali ndi zenera. Mphunzitsi wanzeru ampatsa nchito zoyenda nazo, monga kufuta bolodi ndi kugawa mabuku, kuti mphamvu zace zipeze poturukira.

Nanga mkwapulo? Mkwapulo uphunzitsa mwana amene walakwa dala. Uyu adziwa kale lamulo. Cimene cimsowa ndi mphamvu ya kudzigwira pa nthawi yace, ndipo ndodo siingampatse imeneyo. Cimene ibala ndi mantha, bodza ndi kuthawa sukulu. Lamulo la maphunziro la Zambia la 2011 liletsa kukwapula ana m'sukulu, ndipo lamulo la ana la 2022 liletsa munthu ali yense kulanga mwana pomumenya.

SITEPE LACITATU: MANKHWALA

Ngati njira zimenezi zayesedwa mokhulupirika koma mwana akali kulephera, katswiri angalembe methylphenidate. Malangizo a WHO ati asaperekedwe kwa mwana wosafika zaka 6. Dotolo ayamba ndi muyeso waung'ono, naonjezera pang'onopang'ono pomva za makolo ndi mphunzitsi. Mbulu wamba uyamba kugwira nchito ola lisanathe ndipo mphamvu yace itha patapita maola 3 kapena 4. Ulipo wina womwa kamodzi m'mawa umene ufika maola 8 mpaka 12. Ana monga 7 mwa 10 athandizidwa nawo. Mtundu wina, atomoxetine, umene unabvomerezedwa ku America mu 2002, si wodzutsa, ndipo utenga masabata angapo usanaonetse nchito yace.

Mu 1999 madotolo a ku America ndi Canada anafalitsa zotsatira za kuyesa ana 579 kwa miyezi 14. Mankhwala operekedwa mosamala anacepetsa zizindikiro koposa malangizo okha. Koma pa zina, monga kumvana kwa mwana ndi makolo ace, ana olandira zonse ziwiri ndiwo anapindula. Patapita zaka, kusiyana kwa magulu a anawo kunacepa. Phunziro lace ndi ili: mankhwalawa sacotsa bvuto monga m'mene mankhwala a malungo aphera tizirombo. Iwo afanana ndi mandala a maso, amene athandiza pamene abvalidwa, koma saphunzitsa mwana kuwerenga.

Mankhwalawa ali ndi zobvuta zace. Acepetsa njala, acedwetsa tulo, nthawi zina apweteketsa mutu kapena m'mimba, ndipo afulumizitsa mtima pang'ono. Ana ena akula mocedwerapo. Cifukwa cace mwana adye phala lokwanira asanamwe mbulu wa m'mawa, adyenso bwino madzulo, ndipo apimidwe kulemera, msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi. Ngati pa mtundu pali matenda a mtima, kapena mwana ali ndi khunyu, dotolo auzidwe asanalembe kanthu. Caka ndi caka dotolo aonanso ngati mankhwala akali kufunika.

Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala olondedwa ndi pangano la maiko la 1971, popeza anthu ena awamwa molakwa. Saloledwa kugulitsidwa popanda kalata ya dotolo. Mibulu ya pa kantemba, kapena yotsala kwa mwana wa mnansi, isapatsidwe kwa mwana. Ndiponso kholo lisamwetse mwana mankhwala ogonetsa kuti nyumba ikhale cete. Kuteroko ndi kumbvulaza.

M'MERA MPOYAMBA

Ana ambiri otere aleka kutakataka akamakula, koma kuiwala ndi kupupuluma kutsala mwa ena kufikira ukulu. Wosathandizidwa ali pa ngozi ya kusiya sukulu, kubvulala pa mseu, ndi kugwa m'mowa ndi camba. Anthu a ku migodi adziwa bwino mtengo wa mphindi imodzi ya kusachera khutu pansi pa nthaka. Wothandizidwa msanga atsiriza maphunziro, nagwira nchito monga anzace.

Atate amene ali kutali pa nchito ali nayo mbali yao. Pa chuthi apite okha kukaonana ndi mphunzitsi. Poimba foni ayambe kufunsa cabwino cimene mwana wacita sabata limenelo. Asunge ndalama ya basi yopitira ku cipatala, ndipo asaimbe mlandu amai a mwana, pakuti iwo ndiwo asenza katunduyu tsiku ndi tsiku.

Mnyamata wa ku Kapata uja mawa adzaimiriranso belu litangolira. Cimene cidzatsata ciri m'manja mwa akuru: kapena mkwapulo udzaturukanso, kapena mphunzitsi adzampatsa mabuku kuti agawe, nalemba kalata yoti amai ace apite nayo ku kiliniki.