Mitengo yofiira ya m'phiri: tiidziwe osaivulaza

Loweruka lina m'mwezi wa September ndinakwera phiri la Zomba ndi ophunzira anga a Fomu 3. Tili pakati pa chitunda, mtsikana wina anafuula kuti, "Aphunzitsi, mtengo uwu ukukha magazi!" Unali mlombwa umene wina anautema ndi chikwanje. Pa ana onsewo, awiri okha ndiwo anaudziwa dzina.

Khungwa la mlombwa ndi lotuwa moderako ndiponso long'alukang'aluka, koma ukangolitema limatulutsa utomoni wofiira ngati magazi. Komatu palibe chifukwa choutemera kuti muudziwe. Yang'anani zipatso zake: n'zozungulira ngati kambale, zokhala ndi timinga pakati.

Pali mitengo ina imene mtundu wake umaonekera kunja. M'malo amiyala mumamera msetanyani. Khungwa lake ndi losalala, limafunduka lokha n'kusiya mawanga oyera ndi ofiirira, ndipo akuluakulu amati ngakhale nyani amaterereka akafuna kuukwera. Pamwamba pa phirili anadzalapo mkungudza wa ku Mulanje, wakhungwa lofiirira lokhala ndi ulusiulusi. Uwu ndiye mtengo wa fuko lathu kuyambira mu 1984.

Mwabvi nawo, umene umakonda m'mbali mwa mitsinje, ndi wofiira mkati mwa khungwa, koma ndi chiphe. Kale ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti, mpaka lamulo la mu 1911 linaletsa mchitidwewu. N'chifukwa chake ndimauza ana kuti khungwa losalidziwa salawa.

Chimene chinandiwawa n'chakuti kufiira kwambiri kumene tinaona tsikulo kunali kwa mabala. Mitengo ya mombo inali itasendedwa ndi ofuna luzi, ina kuzungulira thunthu lonse. Anawo anakumbukira zimene tinaphunzira m'kalasi: chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira ku mizu kudzera mkati mwa khungwa. Ukasenda mozungulira, mizu imafa ndi njala, mtengo n'kuuma uli chiimire.

Tikutsika, aliyense anali atajambula m'kope mwake khungwa, tsamba ndi chipatso cha mtengo umodzi, kuti akafunse dzina lake kwa agogo kumudzi. Lolemba anabwera ndi maina amene ngakhale ine sindinkawadziwa.

Nanunso mukamakwera phiri, nyamulani kope kapena foni yojambulira, chikwanje chitsale kunyumba. Mwana amene wadziwa mtengo dzina sausenda mwachisawawa.